Chitseko Chimene Amayi Anakhoma Okha

Amene anayamba kundiuza nkhaniyi ndi mlamu wanga, mkazi wa mlongo wanga wamng'ono. Anandipeza ndikupeta mapira pakhonde. Anatsamiritsa njinga pamtengo, ndipo tisanamalize n'komwe kufunsana kuti mwaswera bwanji, anati, "Mlamu, mwamva? Amalume anu maso afa. Ana awo akuponyerana, palibe akufuna kuwasunga. Ndiye amayi ati abwere adzakhale nawo."

Ndinaika lichero pansi. Mulungu andikhululukire, sindinaganize za maso a amalume. Chimene chinabwera m'mutu mwanga ndi chitseko cha nyumba ya amayi.

Chitseko chimenecho chilipo mpaka lero, kumudzi kwathu, njira ya ku Malama. Nyumba yagwa, yamangidwanso, koma chitseko amayi amasamuka nacho. Si chokongola. Kunja kwake n'kobulungira ngati msana wa mvuu, chifukwa ndi zibenthu za kunja kwa mtengo, zimene ocheka matabwa amataya. M'kati mwake muli mizere yokhotakhota ya mano a makina. M'malo mwa mahinjesi muli zidutswa za tayala. Ukachitsegula chimalira ngati mwana wa mbuzi. Ana anga amachiseka akapita kukacheza kwa agogo awo, ndipo ine ndimawaletsa mwaukali umene iwo samvetsa. Lero ndati ndilembe, kuti mwina iwo ndi inu abale anga mumvetse.

Ndinali mu giredi 3 chaka chimenecho. Atate anamwalira nthawi ya dzinja, misewu itatsekeka ndi matope, moti kuchipatala sanafikeko. Anatisiyira nyumba yatsopano ya njerwa zosawotcha, yofolera bwino ndi udzu, koma pakhomo panali chitseko cha bango chomanga ndi luzi. Anatisiyiranso mtengo. Unali mlombwa, kuno ambiri amati mukwa, umene anaugwetsa ndi nkhwangwa polambula munda wathu wa m'mphepete mwa phiri, atapempha chilolezo monga mwa lamulo la kuno. Anaukweza pamiyala kuti chiswe chisaudye. Tikamapita kumunda ankaumenya ndi dzanja ngati akusisita mwana, n'kunena kuti, "Uwu ukauma, ndi chitseko chathu." Anali atagwirizana ndi mnzawo kuti adzaucheke ndi sowo ya anthu awiri, wina pamwamba wina m'dzenje. Sanafikepo.

Itafika nyengo ya dzuwa, mwezi wa Okutobala, tsitsi la amayi linali litangoyamba kumera pambuyo pa kumeta kwachiwiri kwa maliro. Inu amene mumakhala kumtunda simudziwa kutentha kwa kuno kuchigwa. Nthaka imaotcha mapazi, nyenje zimalira mpaka m'makutu kuwawa, ndipo madzi a mumtsuko amakhala ngati aphitsidwa. M'masiku amenewo ndi pamene amalume, mlongo wawo wamkulu wa amayi, anabwera ndi mlendo.

Muyenera kudziwa kuti kwathu amalume si munthu wamba. Ndiwo mwini mbumba. Mlongo wawo akamakwatiwa amayankhula ndi iwo, ana a mlongo wawo akadwala amauzidwa ndi iwo, mwamuna akamwalira amene amaimira wamasiye ndi iwo. Ndiye atanena kuti, "Mlongo, ndakupezera munthu wa makina, chipika chija achicheke, upeze chitseko mvula isanagwe," amayi anagwada n'kuwomba m'manja. Ndinawaona ndi maso angawa akuthokoza. Chimene chimandiwawa kwambiri mpaka lero ndi kuthokoza kumeneko.

Mlendoyo anali mwini makina, munthu wamtali, wovala jombo zakuda ngakhale dzuwa linali lotero. Makinawo anawanyamula paphewa atawakulunga m'thumba. Kwathu tinali tisanaonepo tcheniso. Atavundukula, ana tonse tinathawa, kenako tinabwerera. Anali ndi mutu wofiira ndi lilime lalitali lachitsulo lozunguliridwa ndi tcheni cha mano ang'onoang'ono. Ankanunkha petulo.

Ine ndinapatsidwa ntchito yowatungira madzi ndikaweruka kusukulu, ndipo ndinaikonda ntchitoyo kuposa chilichonse. Ndinene zoona, inali nyengo yokoma kwa ine. Ndinkathamanga ndi chigubu pamutu kuti ndikapeze asanayambe chigawo cha madzulo. Ndinkaona zonse. Mwini makina ankayamba wakhala pansi, makina ali pakati pa miyendo, n'kumanola dzino lililonse ndi tupa yozungulira. Akatero ankaphwanya mabatire akale a tochi, n'kusungunula chakuda cha m'kati mwake m'kachitini ka madzi. Ankaviika chingwe m'menemo, amalume agwira uku iye uko, achikoka mpaka kulimba pamwamba pa chipika, kenako iye n'kuchinyamula pakati ndi zala ziwiri n'kuchisiya. Chingwe chinkagunda mtengo n'kusiya mzere wakuda woongoka ngati wa aphunzitsi pabolodi. Ine ndinkaona ngati matsenga.

Akakoka chingwe choyatsira, njiwa zonse za m'phiri zinkauluka. Phokoso lake linkalowa m'mano. Ankayamba kusenga mbali zinayi za kunja, zamakungwa, n'kuzikankhira kumbali ndi phazi, mpaka mtengo wobulungira uja kusanduka wamakona. Kenako ankatsata mizere ija, akubwerera chambuyo pang'onopang'ono, msana utapindika, mikono ikunjenjemera, amalume akukhomera timitengo m'mng'alu kuti thabwa lisapane tcheni. Utuchi unkatuluka wofunda, wofiirira ngati mapira okazinga, n'kumagwa pamapazi anga. Fungo lake linali lokoma, losakanikirana ndi utsi wa mafuta. Ndinkaunyamula m'malaya kupita nawo kunyumba kukaphikira masanje. Ndikagona, makutu ankaliriabe.

Thabwa loyamba litagwa, amalume analiimika n'kuthirapo madzi pang'ono. Mizere ya m'kati mwa mlombwa inaonekera, yofiira ndi yagolide, ikuyenda ngati madzi a mumtsinje wa Lupande akamaphwera. Amayi anali atabwera ndi thobwa. Analigwira thabwalo ndi chikhatho, kenako anatembenuka n'kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Ine ndinkaganiza kuti utuchi wawalowa m'maso.

Mwini makina ankandikonda, kapena nditi ndinkayesa choncho. Ankandipatsa mabisiketi a m'thumba la malaya, ofewa ndi thukuta, n'kumanditcha "mwana wanga". Tsiku lina anandipatsa phukusi, muli sopo wonunkhira ndi chitenje chatsopano, n'kuti, "Ukapatse amako, uti zachokera kwa atate." Amalume anali pomwepo, akuseka. Ndinathamanga njira yonse, mtima ukudumpha.

Abale anga, apa ndi pamene mkwiyo wanga umayambira. Munthu wamkulu, nkhoswe ya banja, kuima n'kumaseka pamene mwana wamasiye akutumidwa uthenga wotere kwa amake amene maliro sanawathe m'maso. Anadziwa kuti akatuma munthu wamkulu amayi amubweza pakhomo. Anasankha ine chifukwa ndinali wosadziwa, ndiponso chifukwa amayi sakanatha kundikalipira osadzipweteka okha. Ine lero ndili ndi mwana wamkazi wa msinkhu womwewo. Ndikamuona akuthamanga ndi kanthu m'manja, akusekerera, magazi amandiwira.

Amayi sanatsegule phukusilo mpaka pansi. Anangoona sopo, n'kulimanganso. "Atate ako ali kumanda," anatero motsitsa mawu. "Bwera." Anandigwira dzanja, mlongo wanga ali kumsana, n'kubwerera nane kumunda dzuwa lili pamutu.

Tinapeza makina ali chete, matabwa atasanjidwa pamthunzi, timitengo tili pakati pawo kuti aziuma osapindika. Anali ambiri, okwana chitseko ndi mawindo ndi bedi lomwe. Amayi anaika phukusi lija pamwamba pa matabwa.

"Achimwene, katunduyu wasochera," anatero.

Amalume anayamba ndi mawu ofewa. Anati munthuyu ndi wolimbikira, ali ndi makina, mkazi wake wamkulu ali kutali ku Chipata ndipo sadzavuta. Anati ana awa afuna wowalera. Amayi anangoti, "Ine ndinapempha chitseko." Pamenepo mawu a amalume anasintha. Sindidzaiwala zimene ananena, chifukwa ndinazibwereza kwa anzanga kusukulu ngati mwambi wanzeru, osadziwa chimene ndikunena.

"Chitseko cha mkazi ndi mwamuna. Ukufuna kudzitsekera m'nyumba kuti ukhale ndani?"

Mwini makina anali akupukuta lilime la makina ake ndi kansanza. Osadzutsa mutu anati, "Matabwawa ndibwera nawo ndekha, mayi, ndidzakhoma ndekha. Koma wokhoma chitseko ndiye amasunga kiyi."

"Mtengowu anadula ndi bambo a ana awa," anatero amayi.

"Anadula m'munda wa mbumba yanga," anayankha amalume. "Ndipo petulo wa munthuyu wapsa. Ukakana, matabwa apita ndi petulo wake."

Patapita zaka ndinamva kwa azakhali ena chimene chinali pansi pa zonsezi. Mwini makina anali atalonjeza amalume kuti akakhala mlamu wawo adzayenda nawo limodzi m'midzi, amalume akumusonyeza kumene kuli mitengo yabwino, n'kumagawana matabwa. Mlongo wawo weniweni, wobadwa naye mimba imodzi, anamuika pamtengo wa matabwa. Ndayesa kupeza mawu ena ofewa oti ndilembe pano, chifukwa ndine mkhristu ndipo amalume ndi magazi anga, koma sindinawapeze.

Amayi anakana. Sanakuwe, sanatukwane. Anati, "Ndamva," n'kutembenuka. Pobwerera ine ndinkalira, osati chifukwa cha matabwa, koma chifukwa chitenje chija chinali ndi maluwa achikasu ndipo ndinkafuna amayi avale.

Thirakitala inabwera sabata yomweyo. Ine ndinali m'kalasi, tinangomva kulira kwake ikudutsa. Anthu amati matabwawo anapita ku Mfuwe, kwa akalipentala opanga matebulo ndi mipando ya alendo. Sindikudziwa. Ndikudziwa kuti titapita kumunda tinapeza miyala ija imene atate anaikapo chipika, mulu wa utuchi utayamba kuchita imvi ndi dzuwa, botolo la mafuta lopanda kanthu, ndi zibenthu zinayi za kunja zija, zamakungwa, zitagona m'udzu pamene anazikankhira.

Amayi anaima nthawi yaitali. Kenako anavula mpango, anaupinda nkhata, n'kuti, "Ndithandize kutukula."

Zibenthuzo zinali zolemera. Amayi anazisenza chimodzichimodzi, m'mawa dzuwa lisanakwiye, mutu ukugwedezeka, kashembe akuwaluma m'miyendo osatha kuwaingitsa. Atazifikitsa, anatulutsa kasemasema wa atate pansi pa denga. Anali asanagwirepo kasemasema chibadwire. Anayamba kusenga makungwa, kenako kuwongola m'mbali kuti zibenthuzo zigundane. Poyamba chitsulo chinkangodumpha. Tsiku lina chinawatema pa chala cha kuphazi, anamangapo kansalu n'kupitiriza.

Aphunzitsi athu, bambo wachikulire amene ankakhala pafupi ndi sukulu, anandifunsa tsiku lina chifukwa chimene ndinkasinzira m'kalasi ndi tizipalapala ta mtengo m'tsitsi. Ndinawauza zonse, monga ana amachitira, ngakhale za chitseko cha mkazi. Poweruka anandipatsa nyundo, sowo yaing'ono, ndi chitini cha misomali yopindika yozula m'madesiki othyoka. Anati, "Ukauze amako kuti akhome mitanda iwiri kumbuyo, umodzi pamwamba umodzi pansi, ndi wina wopingasa. Zida abweze akamaliza, asafulumire." Aphunzitsi amenewo anamwalira kalekale. Ndimawatchula m'pemphero mpaka lero, pamodzi ndi amayi a kutchalitchi amene ankabwera kudzatisinjira mapira masiku amene manja a amayi anali ndi matuza okhaokha. Mulungu sanatisiye opanda anthu, chimenecho ndiyenera kuchitira umboni.

Ine ndinkawongola misomali pamwala. Amayi ankakhoma. Mlombwa wouma ndi wouma ndithu, misomali inkapindikanso, ine n'kuiwongolanso. Amuna odutsa panjira ankaima n'kumaonerera. Wina anati, "Mkazi akagwira nyundo mvula siigwa." Amayi, msomali uli pakamwa, anayankha kuti, "Ndiye thamangani mukatunge madzi, mukuimiranji?" Akazi amene anali pamtondo anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo bamboyo anachoka. Amalume sanabwere n'kamodzi komwe. Ankadutsa njira ya kuseri.

Mahinjesi tinalibe. Amayi anadula tayala lakale la njinga yamoto limene tinatola kumsewu, analikhomera pachitseko ndi pamphuthu. Mipata ya pakati pa zibenthu anaitseka ndi nsanza. Anadula mtengo wa mupani wonenepa ngati mkono kukhala mpiringidzo. Tsiku lopachika anaitana akazi anzawo atatu kudzagwira. Chitseko chinapendekeka, anachitsitsa, anasema pansi, anachipachikanso. Chitatsekeka, amayi analowa nafe m'nyumba dzuwa likadali kunja, anapiringidza, n'kukhala pansi atatsamira chitsekocho. Munali mdima ndi fungo la mlombwa. Anapemphera mawu ochepa. Kenako anagona tulo pomwepo, atakhala, masana, pakamwa pali yasa. Ndinali ndisanawaonepo akugona masana. Mvula inagwa chaka chimenecho monga zaka zonse.

Ndiye mlamu wanga atandiuza kuti amalume akubwera kudzakhala kuseri kwa chitseko chimenecho, ndinavala nsapato n'kupita kwa amayi tsiku lomwelo. Ndinawapeza akuzira pansi m'chipinda chaching'ono, msana utapindika, akukonzera mlongo wawo pogona. Ndinayankhula zambiri. Ndinawakumbutsa phukusi, thirakitala, chala chija chimene chikhadabo chake sichinamerenso bwino. Ndinati amalume ali ndi ana awo, matabwa aja anadyera limodzi, awasunge. Ndinati munthuyu sanapepesepo.

Amayi anandisiya ndimalize. Kenako anasamba m'manja n'kuti, "Iwe, unkawongola misomali koma sunamve. Ine sindinakhome chitsekochi kuti chizikhala chotseka. Ndinakhoma kuti azilowa amene ndafuna ine. Uyu ndamufuna. Ndi mwana wa amayi anga."

Koma mkwiyo wanga sunachoke.

Amalume anabwera Loweruka, atakwezedwa panjinga, mlongo wanga akukankha. Achepa thupi, maso ayera ngati mkaka. Pofika pakhomo anatambasula dzanja kufufuza polowera, ndipo chikhatho chawo chinagwa pachitseko. Anachisisita, zala zikuyenda mpaka kuseri kwake, m'mizere ya makina ija. Anagogoda ndi chala n'kumvetsera.

"Mlombwa uwu," anatero. "Mtengo wabwino. Koma mmisiri wake anali wosadziwa. Anakukhomera ndani, mlongo?"

Anaiwala. Ife zaka zonsezi tasenza chinthu chimenechi, iwo anachitula kalekale, mwina tsiku lomwe thirakitala inanyamuka. Ndinatsegula pakamwa, koma amayi anandiyang'ana, ndipo ndinatseka.

"Weramani, achimwene, pakhomo m'pafupi," anatero amayi, n'kuwagwira mkono kuwalowetsa.

Ndinapita kuseri kwa nkhokwe kukalira, ndipo ndili kumeneko ndinakumbukira chinthu china cha nyengo ija chimene sindinauzepo munthu. Masiku a pakati pa kupita kwa matabwa ndi kupachika chitseko, m'mawa uliwonse ndinkapeza mtondo wosinjira uli m'nyumba, utatsamira chitseko cha bango, munsi utapingasa, nkhwangwa ya atate ili pambali pa mphasa ya amayi. Ndikafunsa ankati zilombo zikuyenda chifukwa madzi aphwa kuthengo. Ankadzuka m'mamawa kukasesa pabwalo ife tisanatuluke. Koma tsiku lina ndinawatsogolera kudzuka. Pafumbi la pakhomo penipeni panali mapazi a jombo, obwera, oima, ozungulira nyumba, obwereranso pakhomo. Ndinawazindikira, chifukwa ndinkawatsata tsiku ndi tsiku pa utuchi. Ndinathamangira m'nyumba ndikusangalala. "Amayi, a makina aja anabwera kudzationa tili m'tulo. Bwanji simunandidzutse?" Ndinakwiya nawo tsiku lonse, poganiza kuti andimanitsa bisiketi. Amayi anatenga tsache, maso ali ofiira chifukwa chosagona, n'kusesa mapaziwo limodzilimodzi.

Abale anga amene mwawerenga mpaka pano, ndikupempha mutikumbukire m'mapemphero anu. Mukumbukire amayi, amene pa ukalamba wawo akuphikira phala ndi kutsogolera kuchimbudzi munthu amene anawagulitsa. Mukumbukire amalume, kuti asanatseke maso a thupi lonse akumbuke, ngakhale kamodzi, n'kutchula ndi pakamwa pawo. Ndipo mukumbukire ine, chifukwa Lamlungu lililonse ndimanena kuti mutikhululukire monga ifenso tikhululukira, ndipo pamawu amenewo lilime langa limalemera. Mawa ndi tsiku langa lokawachapira zovala. Ndipita. Koma ndikafika pachitseko chija ndimayamba ndaima kaye.